Katapila wa a Mtonga

Chipata, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970

Ana anga, za ubwana wanga ku Chadiza ndizisiya, chifukwa ndinakula monga amakulira mwana aliyense wa kumudzi ndipo palibe chimene mungatolepo. Ndiyambira pamene ndinavala ovolosi koyamba. Nditamaliza maphunziro a umakaniko, anandilemba ntchito pa galaja ya gulu lokonza misewu ndi madamu ku Chipata. Kapitawo wathu anali mkulu wina wa ku Katete amene sankakhulupirira mnyamata aliyense wobwera ndi satifiketi. Chaka chathunthu anandisunga pa beseni la parafini, kutsuka mabawuti ndi kuwayala pa thumba, kenaka ndiye anandilola kugwira injini. Ndinamuda kwambiri masiku amenewo, koma ndi iyeyo amene anandiphunzitsa kuyamba ndamvetsera makina ndisanawamasule. Ku Chipata komweko ndinakumana ndi amayi anu, a Esinati, ndipo iwe Tisa unabadwira m'kanyumba kathu ka chipinda chimodzi kuseri kwa galajayo. Ndinkayesa kuti ndikalambira pomwepo. Koma tsiku lina anandiitana ku ofesi nandiuza kuti, "A Mbewe, ku Lundazi kulibe makaniko wa makina akuluakulu. Amene analiko wathawira kumigodi. Mangani katundu."

Lundazi, kumapeto kwa zaka za m'ma 1970

Tinafika pa lole ya simenti, amayi anu atakhala pamwamba pa matumba, mwana ali kumsana, tonse titayera fumbi ngati tachokera kuchigayo. Yadi yathu inali kuseri kwa maofesi a boma, ndipo bwana wake anali a Sakala, ochokera ku Chipata ngati ife, munthu wabwino mtima koma wamantha ndi aliyense wobwera pa galimoto. Zaka zimenezo zinthu zinali zitayamba kusowa. Sopo, shuga, mafuta ophikira, zonse zinali zoimira pamzere, ndipo pa chipata cha msika wa Lundazi pankaima achinyamata a Chipani kufunsa khadi munthu asanagule ndi tomato yemwe. Kuntchito nako kunali chimodzimodzi. Ukaitanitsa sipeya, yankho linali lakuti dikirani, ndipo tinkangochotsa chitsulo pa makina akufa n'kuika pa makina odwala.

Woyamba kundilonjera pa yadipo anali a Gudisoni Mtonga, dalaivala wa makina, Mtumbuka wa ku Magodi. Anali wamtali, wa mawu aakulu, woseka ndi mano onse. Anandigwira dzanja ndi manja awiri nati, "Monire adada! Ndinu dokotala amene tinkamva uja? Odwala ndi awa, agona yadi yonse." Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linasanduka Dokotala. Giredala yosalazira misewu imene iwo ankayendetsa inali itafa, choncho ankaswera pamthunzi kusewera nsolo ndi kukamba nthabwala, anthu atawaunjirira ngati nyerere pa nzimbe. Ine lilime lotero ndinalibe. Ndikalowa pagulu, nkhani inkazizira.

Kumapeto kwa yadiyo, pansi pa mkuyu, panagona katapila wakale wa nthawi ya atsamunda, chimakina chokankha dothi choyenda pa matcheni. Palibe amene ankakumbuka chaka chimene analira komaliza. Chiswe chinali chitamanga chulu pa matcheni a kumanzere, makoswe anali atatha mpando, mavu atamanga zisa pansi pa denga lake, ndipo alonda ankayanika mtedza pa chikhasu chake chakutsogolo. Ine ndinkamuzungulira nthawi ya nkhomaliro, kumugogoda apa ndi apo, osauza munthu zimene zinali mumtima mwanga.

Mvula itavuta zaka zotsatizana, ng'ombe za ku Magodi zinayamba kuyenda mitunda kufuna madzi, amayi akufukula mchenga m'mitsinje youma. Lamulo linabwera lakuti gulu lathu limange damu kumeneko. A Sakala anawerenga lamulolo pamaso pathu, atatha anangogwira kukamwa, pakuti makina omangira damu tinalibe.

"Bwana," ndinatero, "bwanji tidzutse uja wa pansi pa mkuyu?"

Anthu anaseka. A Sakala anati, "A Mbewe, tsobola wakale sawawa. Amene uja ndi manda."

"Ndamuyang'ana, bwana. Sanasweke paliponse. Anangomusiya."

"Chabwino, yesani. Koma musadzabwere kwa ine kudzapempha sipeya."

Ndinayamba ndi kufukiza mavu ndi kugumula chulu. Nditamasula bawuti ya pansi pa injini, choyamba kutuluka anali madzi, pambuyo pake oyilo wokhuthala ngati phala lozizira. Mapisitoni anali atagwirana ndi dzimbiri. Ndinathiramo dizilo wosakaniza ndi parafini, ndipo m'mawa uliwonse ndinkalowetsa mgwala n'kuutsamira ndi thupi lonse, koma injini ili nji. Masabata anapita choncho, mpaka m'mawa wina inasuntha pang'ono chabe, ngati munthu wotembenuka m'tulo. Magasiketi ndinadula pa makatoni ndi pa chikopa. Rediyeta ndinaimata ndi mtovu bowo ndi bowo. Makina akale amenewa alibe batire. Pambali pa injini yaikulu pamakhala kainjini ka petulo kolizira ndi chingwe, ndipo kameneko ndi kamene kamazunguza yaikuluyo mpaka igwire. Magineto a kainjiniko ndinawayanika pa denga la malata, mapulagi ndinachotsa pa njinga yamoto yakufa ya mlangizi wina. Mapini a matcheni ambiri anali atadyeka, ndipo ndinasula ena kuchokera ku ekiselo ya lole yakale. Sopo kunalibe. Ndinkasamba m'manja ndi phulusa ndi mchenga mpaka zala zinang'ambika, ndipo amayi anu ankandipaka mafuta a nsatsi. Kunena chilungamo, a Mtonga ankabwera kudzandinyamulitsa zolemera, akuimba. Koma chimene anakonza ndi manja awo pa katapila yense uja ndi mpando wokha. Anausoka bwino ndi chikopa cha ng'ombe ya mawanga.

Tsiku lomudzutsa linali Lachiwiri m'mawa. Ndinakulunga chingwe n'kukoka, kukulunga n'kukoka, mpaka phewa linachita dzanzi. Kainjini kanatsokomola, kanazima, kenaka kanagwira ndi phokoso lake losongoka. Ndinakalumikiza ku injini yaikulu n'kuisiya izungulire yopanda moto, maso anga ali pa singano ya oyilo. Singano itakwera ndinatsegula dizilo. Unayamba utsi woyera, kenaka wakuda bii, ndipo paipi ya utsi inalavula zisa za makoswe ndi masamba ouma. Pamenepo katapila anabangula. Nthaka inanjenjemera, mbalame zonse za mumkuyu zinabalalika. Ine, bambo wa mwana, misozi inangotsika yokha.

A Sakala anatuluka mu ofesi akuthamanga. Ndinkayesa akubwera kudzandigwira dzanja.

"Zimitsani! Zimitsani msanga!"

"Chavuta n'chiyani, bwana?"

"Loweruka kukubwera Komuredi. Ameneyu ayenera kudzuka pamaso pawo, osati lero."

Loweruka limenelo

Amene tinkawatchula kuti Komuredi anali mkulu wina wa Chipani m'chigawo chathu. Dzina lawo ndi udindo wawo sinditchula, ana awo alipo. Loweruka yadi inaseseredwa, miyala inapakidwa laimu, amayi a Chipani anavala zitenje zofanana n'kuima mizere kuimba. Ku sitolo yathu kunapezeka ovolosi yatsopano imodzi yokha, ndipo a Sakala anaipereka kwa a Mtonga. "Iwowa ndiwo akhale pamwamba poonekera," anandiuza motero, osandiyang'ana.

Choncho a Mtonga anakwera pa mpando wa chikopa uja, ine ndinaima pansi ndi chingwe. Ndinakoka, ndinachita zonse monga Lachiwiri lija, ndipo injini itagwira mwaye wonse unagwera pa ine. A Mtonga anakweza chikhasu m'mwamba, anatembenuza katapila pamalo amodzi ngati wovina, namuyendetsa kulunjika pamene panakhala alendo. Anthu anayamba kudzuka pa mipando kuti athawe. Iwo anaima pafupi penipeni, natsitsa chikhasu pang'onopang'ono mpaka chinakhudza pansi patsogolo pa nsapato za Komuredi, ngati chitsulo chagwada. Nthungululu imene inamveka pamenepo sindinaimvenso kwina kulikonse. Komuredi anaimirira nalankhula nthawi yaitali, kuti taonani mwana wa m'boma lino wadzutsa chitsulo chimene atsamunda anachitaya. Anawagwira dzanja a Mtonga, nawakweza mkono m'mwamba. Ine ndinayang'ana pakamwa pa a Mtonga kudikira kuti anenepo kanthu. Anangoseka ndi mano awo onse aja. Nditasendera kuti ndiime pafupi ndi katapila wanga, wojambula zithunzi anandikodola nati, "Abambo a mwayenu, tapatukani pang'ono."

Ndinapatuka. Kunyumba amayi anu anandifunsa kuti zayenda bwanji, ine ndinangoti katapila walira.

Magodi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980

Lole yonyamula makina tinachita kubwereka ku Chipata, ndipo inatitula pa dambo limene anasankha kuti pakhale damu. Tinamanga matenti pamenepo. Ntchito inatenga zilimwe ziwiri, chifukwa dizilo ankabwera mgolo umodzi lero, wina mwezi wamawa. Ine ndinkadzuka nkhuku zitangotsika, kupaka girisi, kumanga mabawuti amene agwedezeka, kusefa dizilo pa nsalu, kukoka chingwe. Katapila akatentha bwino, a Mtonga ankatuluka mu tenti atapesa tsitsi, n'kukwera. Anthu a m'midzi ankabwera kudzakhala pa chulu tsiku lonse kuonerera. Madzulo ankamangirira nkhuku pa chingwe cha tenti ya a Mtonga, ena mtedza, ena chipanda cha mowa. Anali kwawo, ankalankhula nawo Chitumbuka chakuya, ankadziwa ng'ombe ya aliyense ndi dzina. Sanali womana. Nkhuku ikapsa ankandiitana, "Dokotala, bwerani, ntchafu ndi yanu." Ndinkadya, koma ana anga, palibe ndiwo yowawa ngati nkhuku imene apatsa mnzako chifukwa cha thukuta lako. Tsiku lina mayi wina anandipeza ndili chagada pansi pa katapila, nandifunsa mwaulemu ngati ine ndine wantchito wa a Mtonga, chifukwa anali ndi mazira oti ndikawapatsire.

Chimene chinkandipweteka koposa n'chakuti munthuyo ntchito ankaidziwa. Akanakhala dalaivala wachabechabe, ndikanapeza podzitonthozera. Koma katapila m'manja mwake ankakhala ngati khasu m'manja mwa mayi wodziwa kuunga mizere. Ankayang'ana dothi ndi diso lokha n'kulisalaza mwakuti woyeza akabwera ndi zida zake sankapeza pokonza. Ine ndinkaima patali kufunafuna cholakwa, osachipeza. Ndinkangodziuza kuti ng'oma yolira sichedwa kung'ambika.

Kuyendetsa ndinkadziwa ndithu, pakuti makaniko akakonza amayenera kuyesa. Ndinapita kwa a Sakala kukapempha kuti andilembetse mayeso a udalaivala wa makina, kuti tizisinthana. Anandiyankha kuti, "Inu mukakwera pamwamba, pansi pakhala ndani?"

Kumapeto kwa mwezi wina ndinapalasa njinga kupita kunyumba ku boma. Ndikulowa pa mpanda ndinamva amayi anu akusinja mtedza kuseri kwa nyumba, akuimba kanyimbo ka Chitumbuka kamene anakatola kumsika: Mtonga wiza na chisulo, ng'ombe zimwenge maji. Ndiko kuti Mtonga wabwera ndi chitsulo, ng'ombe zimwa madzi. Ndinatsamiritsa njinga mwamphamvu mpaka belu linalira.

"Mwafika, bambo a Tisa? Bwanji nkhope?"

"Nyimbo zatha m'dziko muno?"

"Iyi ndiyo ili pakamwa pa aliyense. Yalakwa chiyani?"

"Chitsulocho anachidzutsa ndani?"

Anaika munsi pansi nandiyang'ana. "Ine ndikudziwa amene anachidzutsa. Zala ndinkapaka mafuta ndi zanu. Koma Mbewe salowa bwino m'nyimboyi, ndayesa kale." Anaseka, ine sindinaseke. Tsiku limenelo ndinakana chakudya ngati mwana.

Mwezi wa Okutobala wa chilimwe chachiwiri

Khoma la damu linali litakwera, koma ngalande yotayira madzi inali isanakumbidwe. Damu lopanda ngalande imeneyi ndi msampha: madzi akadzaza amadutsa pamwamba pa khoma, kulidya, n'kuligumula, ndipo kumunsi kwa dambo lija kunali midzi ndi madimba. Kunkatentha koopsa, mitambo itayamba kusonkhana masana. Ndi nthawi imeneyo pamene galimoto ya Chipani inafika pa msasa wathu, Komuredi ali kutsogolo, a Sakala ali kumbuyo atafinyika. Komuredi anali atapeza malo a famu cha ku Kapichila ndipo ankafuna kuti zitsa zizulidwe mvula isanagwe. Lole yonyamula makina inalibe matayala, choncho anati katapila ayende yekha pa matcheni ake.

A Mtonga anatsika, navula chipewa. Anthu oonerera aja anali pa chulu, akumva zonse.

"Yewo Komuredi, tamva. Koma tiloleni timalize ngalande. Mvula ikatipeza chonchi, tiika maliro kumunsi uku."

"Ndakufunsa maganizo?"

"Iyayi Komuredi. Koma kumunsiko kuli amayi anga. Ine katapila sindimuchotsa pano."

Tsiku lomwelo a Mtonga anaimitsidwa ntchito, mlandu wake wonyoza Chipani pamaso pa anthu. Anakwera njinga kupita kumudzi kwawo. Galimoto isananyamuke, a Sakala ananditengera pambali. "A Mbewe, si uja munkafuna mpando? Ndi uwo. Lolemba mubwere ku ofesi mudzavomere pamaso pa Komuredi, Lachiwiri munyamuke. Udalaivala ndi wanu, ndipo za ukapitawo tidzaziona."

Galimoto itapita ndinakoka chingwe, ndinakwera, ndinakhala pa chikopa cha mawanga chija. Sindikubisirani, kunali kokoma. Pamwamba paja mphepo imakupeza, dziko lonse umaliona pansi, ndipo chitsulo chonse chija chimamvera zala zako. Ndinayenda mpaka kumapeto kwa khoma n'kubwerera. Ndinayesa kudula poyambira ngalande, koma chikhasu chinkangolowa kwambiri kapena kuyandama, ndipo pamene ndinadutsa panatsala mabampu ngati manda a ana. Nditayang'ana pa chulu, anthu anali atayamba kumwazika mmodzimmodzi.

Loweruka ndinapita kunyumba ku boma, ndipo Lamulungu titachoka ku tchalitchi ndinawafotokozera amayi anu zonse. Anamvetsera akusenda chinangwa, kenaka anati, "Mpando umenewo mwaulira nthawi yaitali, ndipo ine ndatopa kugona ndi munthu wokukuta mano. Ngati mukuufuna, kwerani. Nyimbo adzakuimbirani ndithu. Koma mudzaikonda?"

Musaganize kuti zimene ndinachita Lolemba ndinachitira kukonda a Mtonga. M'njira yonse yopita ku ofesi mtima wina unkandiuza kuti ng'oma ija yang'ambika, tsopano ndi nthawi yako. Koma mapini a matcheni aja ndinasula ndine, ndipo ndinkadziwa kuti sangapirire ulendo wa pa msewu wouma kuchoka ku Magodi kukafika ku Kapichila. Katapila akanafera m'njira, ndipo womupha ndikanakhala ine amene ndinamudzutsa. Ndiponso madimba a kumunsi aja ndinali nditawaona, ndi ana osewera m'menemo.

Komuredi anakhala pa mpando wa a Sakala, a Sakala ataima pa zenera.

"Ndiwe Mbewe? Akuti ukudziwa kuyendetsa."

"Ndikudziwa, Komuredi."

"Ndiye mawa unyamuke."

"Komuredi, katapila uja sangafike. Matcheni ake ndi osula pamanja. Akaduka m'njira, famu simulima, damu nalonso silitha."

"Ukadzafika poduka udzakonza. Si ndiwe dokotala?"

"Pamenepo ndiye palibe chokonzera, Komuredi. Ine sindimuyendetsa ulendo umenewo."

Komuredi anati, "Chabwino. Ngati ngalande ndiyo yakuvutani nonsenu, ikumbe iweyo msanga, ukatha ubwere naye."

Apa ndiye panali povuta. Akanandimenya mbama zikanandipepukira. Ndinati, "Ngalande ija ine sindingaithe, Komuredi. Ndayesa. Imafuna dzanja la a Mtonga. M'boma lino palibe wina."

Mawu amenewo anatuluka ngati ndikusanza ndulu. A Sakala anayang'ana kunja. Komuredi anandifunsa khadi la Chipani, ndinalitulutsa, analitembenuza uku ndi uku naliponya pa tebulo. "Khadi uli nalo," anatero, "koma mtima wa Chipani ulibe."

Sabata isanathe anandisamutsira ku chigwa, kukakonza mijigo, kumene kunalibe injini ngakhale imodzi ndipo udzudzu unatsala pang'ono kutilanda iwe Yohane uli wakhanda. Za ku Magodi ndinkangomva kwa oyenda. Akuluakulu a m'midzi anapita gulu ku boma kukadandaula, mvula yoyamba inawaza, ndipo popeza panalibe wina woyendetsa, a Mtonga anawabwezera pa ntchito mwakachetechete. Anaphunzitsa mlonda wina kukoka chingwe, nakumba ngalande ija mvula ili pamutu. Damu linadzaza, khoma linaima. Mbiri inamveka boma lonse kuti a Mtonga anakana Komuredi maso ndi maso napulumutsa midzi. Zimene zinanenedwa mu ofesi ya a Sakala zinatsala mu ofesimo. Chaka chotsatira katapila anagogoda injini n'kufa, popeza panalibe womusefera dizilo ndi kumuyang'anira oyilo, ndipo anamusiya pambali pa damu pomwepo. Chisoni chinalipo, koma panalinso kamtima kena kakuti tsopano aone.

Magodi, nditapuma ntchito

Ku chigwa tinakhalako zaka zambiri, kenaka anandibwezera ku Chipata, kumene ndinapumira ntchito ndili makaniko wamba. Ulamuliro wa chipani chimodzi unali utatha kale pamene uthenga unandipeza wakuti a Mtonga akukwatitsa mwana wawo wotsiriza ndipo akuti Dokotala asalephere. Amayi anu ndiwo anandikakamiza. A Mtonga tinawapeza atakalamba, khutu limodzi litagontha ndi phokoso la makina, koma mano aja ali onse. Anandikumbatira mpaka chipewa changa chinagwa.

Phwando lili mkati anandigwira dzanja kuti tikaone damu. Alendo ambiri anatitsatira. Madzi anali tho, ng'ombe zikumwa, kumunsi madimba a kabichi ndi anyezi ali biriwiri. Katapila anali pomwe paja, atamira m'dothi mpaka theka la matcheni, mtengo wa mthethe utamera pakati pa chikhasu ndi injini. Ndinaika dzanja pa kainjini kaja. Pamenepo mphunzitsi wina wa pa sukulu ya pafupi anayamba kufotokozera alendo ochokera ku Lusaka mbiri ya malowo: kuti ili ndi damu la a Mtonga, kuti chitsulo ichi chinagona zaka zosawerengeka, akatswiri onse atalephera, mpaka a Mtonga anachisisita, nachilankhula Chitumbuka, chinadzuka.

A Mtonga anatchera khutu lawo labwino lija, ndipo atamva anakweza dzanja. "Iyayi, aphunzitsi, musanamize alendo. Ine ndinangosoka mpando. Amene anadzutsa chitsulo ichi ndi adada awa, a Mbewe. Ndipo pamene ine anandithamangitsa, awa anapatsidwa mpando wanga naukana pamaso pa Komuredi. A Sakala anandiuza okha asanamwalire. Popanda awa, pano pakanakhala dambo louma."

Ndinakonza kolala ya jekete, ndinayang'ana anthu aja, ndikuganiza mawu oti ndiyankhe. Kenaka mphunzitsi uja anapukusa mutu, natembenukira kwa alendo.

"Mwaona? Ndi zimene ndimakuuzani zija. Munthu wamkulu chonchi, koma taonani kudzichepetsa kwake!"

Anthu anaomba m'manja, amayi analuluta, ndipo anyamata awiri anawanyamula a Mtonga pamapewa kubwerera nawo ku phwando, iwo akukuwa kuti, "Dokotala! Auzeni, Dokotala!" Ine ndinatsala pa katapila ndi amayi anu. Anandiyang'ana, milomo ikunjenjemera pofuna kubisa chiseko.

"Sekani," ndinatero. "Mudwala mukapanda kuseka."

Anaseka mpaka anakhala pansi pa tcheni.